Ndikufuna kukhala wotsogolera bandi ya malipenga, ndiyambire pati?

Funso lafika kuchokera kwa mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale: "Ndakhala ndikuliza cornet mu bandi ya kumpingo kwathu kuyambira ndili mnyamata. Mtima wanga uli pa kutsogolera bandi ya malipenga ndi kuphunzitsa ana nyimbo. Sol-fa ndimawerenga bwinobwino, koma manotsi a pamizere amandivuta. Kodi ntchito imeneyi munthu angadyere? Nanga ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ntchitoyi ilipo, ndipo ndi yokoma, koma ndiyambe ndi kukuchotsani chithunzi chomwe ambiri amakhala nacho. Anthu akaona wotsogolera bandi ataima patsogolo ndi kandodo m'manja pa tsiku la perete, amaganiza kuti ntchito yake ndi imeneyo. Zomwe akuonazo ndi kachigawo kakang'ono zedi. Ntchito yeniyeni inachitika miyezi yapitayo, m'kalasi kapena pansi pa mtengo, pomwe munthu yemweyo ankaphunzitsa mwana kuika milomo pa lipenga, ankalemba mbali ya aliyense pamapepala, ndipo ankabwereza mzere umodzi wa nyimbo mpaka oimba trombone atasiya kuthamanga. Wotsogolera bandi ndi mphunzitsi poyamba. Inu ndinu mphunzitsi kale, choncho simukuyambira pansi penipeni monga mukuganizira.

Pali munthu wina wa ku America amene mbiri yake imandilimbitsa mtima pa nkhani imeneyi, William Revelli. Iye anali woliza violin. M'chaka cha 1925 analembedwa ntchito yophunzitsa nyimbo m'masukulu a tauni yaing'ono ya Hobart ku Indiana, komwe kunalibe bandi yodziwika. Zida zouzira sankazidziwa bwino, ndiye anayamba kupita kwa akatswiri a ku Chicago kukaphunzira chida chimodzichimodzi, n'kumabwera kudzaphunzitsa ana zomwe waphunzirazo. Patapita zaka zochepa, bandi ya ana a sukulu ya Hobart inayamba kupambana mipikisano ya dziko lonse, kangapo motsatizana. Mu 1935 anamuitana ku University of Michigan, komwe anatsogolera mabandi mpaka 1971. Anthu amamukumbukiranso chifukwa cha ukali wake pa pulakatisi, ndipo mbali imeneyo sindikulangizani kutengera. Chomwe ndikufuna mutolepo ndi chakuti ulemu wake wonse unachokera pa zaka khumi zomwe anakhala ndi ana oyamba kumene, iye mwini akuphunzira nawo limodzi.

Tsono tiyeni ku nkhani ya manotsi, chifukwa ndi pamene pali khomo lanu loyamba. Sol-fa musaichepetse. Munthu amene anakulira m'kwaya, n'kumamva m'mutu mwake kutalikirana kwa doh ndi soh asanatsegule pakamwa, ali ndi khutu lomwe ophunzira ambiri a manotsi a pamizere alibe. Khutu limenelo ndi chuma chachikulu kwa wotsogolera. Koma nyimbo za bandi zimalembedwa pamizere isanu, ndipo pepala la wotsogolera limaonetsa mbali zonse nthawi imodzi, kuyambira cornet pamwamba mpaka ng'oma pansi. Popanda kuliwerenga pepala limenelo mudzakhala mukungotsatira bandi m'malo moitsogolera. Njira yomwe ndimaona kuti imathandiza anthu a sol-fa ndi iyi: tengani nyimbo ya m'buku la mpingo wanu yomwe mukuidziwa pamtima, muisamutse nokha kuchoka mu sol-fa kupita pamizere, mbali zonse zinayi. Mawa tengani ina. Mukatero mobwerezabwereza, mizere ija imasiya kukhala chilankhulo chachilendo, chifukwa noti iliyonse mukuilemba mukuimva kale m'mutu.

Kenako pali chinthu chomwe chimasokoneza aliyense woyamba, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe mabandi ambiri a m'mipingo ndi m'masukulu amagwera. Zida zambiri za bandi sizimveka pa noti yomwe yalembedwa. Cornet yanuyo ndi ya B flat: mukaliza C wolembedwa papepala lanu, pa kiyibodi akumveka ndi B flat. Horn ya E flat ikaliza C wake, pa kiyibodi akumveka E flat. Tanthauzo lake n'lakuti kwaya ndi kiyibodi zikamaimba mu kiyi ya F, a cornet muwalembere mu G, a horn muwalembere mu D. Mukawapatsa onse pepala limodzi lomwelo, aliyense aliza molondola malinga ndi zomwe akuona, koma chotuluka chake n'chisokonezo, ndipo ana osalakwa amadzudzulidwa kuti sakumvetsera. Wotsogolera ayenera kutha kusamutsa kiyi m'mutu mwake mwachangu. Wa horn akafunsa kuti noti yake ndi iti pa bar yakutiyakuti, yankho lizibwera pompo.

Pali chabwino china apa. M'mabandi a malipenga otsatira kalembedwe ka ku Britain, monga a Salvation Army, pafupifupi zida zonse zimalembedwa mu treble clef (chizindikiro cha kumayambiriro kwa mizere cha mawu okwera), kupatula bass trombone. Ndiye kaikidwe ka zala ka cornet n'kamodzimodzi ndi ka horn, baritone, euphonium ngakhale bass. Mwana amene milomo yake ikuvutika pa cornet mungamusamutsire ku euphonium sabata yomweyo osayambiranso kuwerenga. Koma chenjerani ndi mabuku ochokera ku America ndi a mabandi a asilikali, omwe trombone, euphonium ndi tuba amazilemba mu bass clef (chizindikiro cha mawu otsika). Kuno kwathu zida ndi mabuku zambiri zimabwera ngati mphatso kuchokera kosiyanasiyana, moti mu bandi imodzi mumapezeka kalembedwe konse kuwiri. Muzidziwe zonse.

Muyeneranso kugwira chida chilichonse chomwe chili mu bandi yanu. Sindikunena kuti mukhale katswiri pa chilichonse, ayi, koma muzitha kutulutsa mawu oyera ndi kuliza sikelo pa chimodzichimodzi. Mudziwe kuti trombone ili ndi malo asanu ndi awiri oimikapo slide (paipi yokankha ndi kukoka), ndi kuti mwana wa mikono yaifupi malo awiri omalizawo amamutalikira. Mudziwe kuti pa cornet valavu yachiwiri imatsitsa mawu ndi theka la toni, yoyamba ndi toni yathunthu, yachitatu ndi toni ndi theka, ndiponso kuti D ndi C sharp a pansi, omwe amafuna mavalavu oyamba ndi achitatu kapena onse atatu, amakwera pang'ono mwachibadwa pokhapokha woliza atakankha slide yachitatu. Izi zimaoneka ngati zazing'ono, koma ndi zomwe zimasiyanitsa wotsogolera wongonena kuti "sizikumveka bwino, tibwereze" ndi amene amanena kuti "a cornet achiwiri, D wanuyo wakwera, tulutsani slide pang'ono." Woyambayo amatopetsa bandi. Wachiwiriyo amaikonza. Ndipo musaiwale ng'oma. Otsogolera ambiri oliza malipenga amawasiya a ng'oma kuti adzionere okha, pomwe pa perete ng'oma yaikulu ndi imene imanyamula bandi yonse pamodzi ndi miyendo ya oguba.

Za kayendetsedwe ka manja sizitenga nthawi kuphunzira. Njira zomenyera mabiti awiri, atatu ndi anayi mungazidziwe m'masiku ochepa. Chovuta ndi biti yokonzekera, ija imabwera nyimbo isanayambe. Dzanja likamakwera, oimba amapuma mpweya, ndipo kukwera kwakeko kumawauza liwiro, mphamvu ndi mtima wa nyimbo. Pumani nawo limodzi. Mukapuma nawo, amalowa pamodzi, ndipo mukangogwetsa dzanja mwadzidzidzi, amalowa mobalalika. Chachiwiri ndi kudula mawu kumapeto kwa noti yaitali, kuti onse asiye nthawi imodzi. Musamenye phazi pansi, musaimbe nawo mokweza, ndipo manja asamatambasuke kwambiri nthawi zonse, chifukwa mukatero pamalo pofunika mphamvu simudzakhalanso ndi chowonjezera. Imikani foni kumbuyo kwa bandi ikujambuleni pa pulakatisi, mudzione monga akukuonerani oimba. Pa liwiro, nyimbo zogubira mwachangu zimayenda pafupifupi mapazi 120 pa mphindi, ndipo liwiro limenelo muyenera kulisunga m'thupi mwanu popanda chokuthandizani.

Komabe chida chachikulu cha wotsogolera ndi khutu, ndipo malo ake ogwirira ntchito ndi pulakatisi. Muzifika mutadziwa kale malo ovuta a nyimbo ndi chomwe mukufuna kukonza tsikulo. Yambani ndi manotsi aatali, kenako nyimbo ya m'buku la mpingo yoyenda pang'onopang'ono, chifukwa palibe chomwe chimaphunzitsa bandi kumvetserana kuposa nyimbo yotere. Kuchuna kuzibwera zida zitatenthera, pakuti lipenga likatentha mawu ake amakwera, ndipo bandi yomwe yachunidwa m'mawa kukuzizira imakhala ina dzuwa la mu Okutobala likafika pamutu. Pulogalamu yochunira ya pafoni ndi yothandiza, koma ana aphunzire kumva okha mawu akamalimbana. Mvetserani kuchokera pansi: bass ndi euphonium zimveke zodzaza, a cornet akhale pamwamba pake mosakuwa. Matenda a mabandi ambiri kwathu kuno ndi akuti aliyense amafuna kumveka kuposa mnzake, moti zonse zimangokhala phokoso la mphamvu imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bandi yomwe imatha kuliza motsitsa, mawu osanjenjemera, ndiye kuti yaphunzitsidwa. Ndipo polankhula muzifupikitsa. Mukaimitsa bandi, nenani chinthu chimodzi, kwa anthu akutiakuti, pamalo akutiakuti, n'kuyambiranso. Ana anabwera kudzaliza.

Pa kuphunzitsa ana, ndili ndi zingapo zomwe ndimaumirira. Dikirani mano akutsogolo achikulire atamera bwino musanamupatse mwana lipenga, ndipo ang'onoang'ono ayambe ndi kuimba ndi pakamwa, kuomba m'manja ndi ng'oma. Atsikana apatseni trombone ndi bass mofanana ndi anyamata, palibe chifukwa chowatsekera pa zida zing'onozing'ono. Mouthpiece (kachitsulo koikapo milomo) ikamagwiritsidwa ntchito ndi ana angapo, izitsukidwa nthawi iliyonse. Makolo adziwe nthawi yoyambira ndi yoweruka, pulakatisi izitha kusanade, ndipo mwana musamamuphunzitse muli awiriwiri m'chipinda chotseka. Izi zimateteza mwana, zimatetezanso dzina lanu. Kumbukiraninso kuti bandi ya sukulu imataya oimba ake abwino chaka chilichonse, akamaliza Sitandade 8 kapena Fomu 4. N'chifukwa chake gulu la oyamba kumene lisamathe. Mukalekerera chaka chimodzi osalemba atsopano, mudzalimva dzenjelo patapita zaka zitatu. Ana okulirapo aziphunzitsa ang'ono, ndipo pakati pawo mudzaona amene adzatenge kandodo m'tsogolo.

Zida ndi mutu wina waukulu. Zimadula, zimachokera kunja, ndipo amisiri ozikonza ndi ochepa, ndiye wotsogolera amakhalanso mmisiri. Mavalavu amafuna mafuta ake enieni. Mafuta ophikira amaundana m'kati n'kumanga valavu. Mouthpiece ikakakamira musaizule ndi pulayala, chifukwa mumapotokola paipi yonse, ndipo pali kachipangizo kake kozulira komwe bandi iliyonse iyenera kukhala nako. Zida zizitsukidwa m'madzi ofunda, osati otentha, ndipo ana azitsuka m'kamwa asanalize akangomaliza kudya. Khalani ndi buku lolembamo chida chilichonse, nambala yake ndi yemwe wachitenga. Kuchepa kwa zida kusakulepheretseni kuyamba. Ku Kinshasa, Armand Diangienda, yemwe anali woyendetsa ndege, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994 ndi anthu ochepa obwerekana zida, zina akumapanga ndi kukonza okha, ndipo gululi linadzadziwika padziko lonse. Ana atatu angathe kugawana cornet imodzi, wina akuliza, awiri akuyeseza zala ndi kuimba manotsi ndi pakamwa.

Tsopano ku funso lanu lenileni, loti kodi munthu angadyere. Ndikuyankhani mosabisa: m'Malawi muno anthu odyera kutsogolera bandi kokha ndi ochepa kwambiri. Malo omwe ntchitoyi ili ya malipiro a pamwezi ndi monga m'mabandi a asilikali ndi a apolisi, aja mumawaona pa 6 Julaye, potsegulira Nyumba ya Malamulo ndi pa mwambo wokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo. Koma kumeneko munthu amalowa ngati msilikali kapena wapolisi, amachita maphunziro onse a ntchitoyo, amayamba ngati woliza wamba, ndipo utsogoleri umabwera ndi zaka komanso maudindo. Ndi mmene zimakhalira pafupifupi kulikonse. John Philip Sousa, wotsogolera bandi wotchuka wa ku America, analowa mu bandi ya asilikali a Marine ali ndi zaka 13 ngati wophunzira, ndipo anadzayamba kuitsogolera mu 1880. Ngati njira imeneyi ikukukokani, yang'anani msanga malire a zaka zakubadwa pomwe akulengeza zolemba anthu ntchito.

Kwa ena tonse, moyo umalukidwa kuchokera ku zingwe zingapo. Uphunzitsi ndiwo maziko. Pamwamba pake pamabwera kuphunzitsa pa sukulu zomwe si zaboma, kuphunzitsa ana paokhapaokha, kuthandiza mabandi ndi makwaya a m'mipingo, kulembera magulu ena nyimbo, ndi kuliza pa maukwati, pa maliro ndi pa miyambo ya omaliza maphunziro. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti ntchito yanu ya uphunzitsi musaisiye. Phunziro la Expressive Arts lili kale m'manja mwanu, ndipo aphunzitsi ambiri mbali ya nyimbo amaidumpha chifukwa sanaikonzekere. Inu mukaigwira bwino, mwapeza kale ana, malo ndi chikhulupiriro cha makolo, zomwe munthu wochokera kunja kwa sukulu amazifunafuna zaka zambiri. Ndalama zikayamba kulowa mu bandi, zisamadutse m'thumba lanu. Pakhale komiti ndi msungichuma, ndipo oimba adziwiretu kagawidwe kake ntchito isanachitike. Mabandi ambiri abwino anatha chifukwa cha ndalama za paukwati umodzi, osati chifukwa cha manotsi.

Mapepala nawo ndi ofunika, makamaka mukafuna kudzaphunzitsa ku sekondale, ku koleji kapena kunja. University of Malawi ku Zomba yakhala ikuphunzitsa nyimbo kwa zaka zambiri m'gawo lake la zaluso. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo ili ndi maphunziro a nyimbo za mu Africa. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads, komwe achinyamata amaphunzira kuwerenga nyimbo ndi kuliza zida. Palinso mayeso a nyimbo a mabungwe a ku Britain a ABRSM ndi Trinity College London, omwe amayenda m'magiredi kuyambira 1 mpaka 8 ndipo amadziwika m'maiko ambiri. Kwa inu ndingasankhe kuti mulimbane kaye ndi Grade 5 ya theory, chifukwa m'menemo muli ma clef, makiyi ndi kusamutsa manotsi komwe ndafotokoza kuja, ndipo ku ABRSM ndi khomo lolowera ku magiredi apamwamba a kuliza. Koma setifiketi siphunzitsa kuima patsogolo pa anthu. Zimenezo mudzaziphunzira pokhala pambali pa wotsogolera wodziwa, mukuyang'ana pepala lake ndi kumvetsera chomwe waimitsira bandi. Pemphani chilolezo mukaonerere pulakatisi ya bandi ina iliyonse yomwe ili pafupi nanu. Ambiri mwa akuluakuluwa amakondwa akapeza wachinyamata wofunsa.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimachilakalaka kwa otsogolera a m'badwo wanu. Malipenga si achilendo kwa ife monga ena amanenera. Makolo athu ataona mabandi ndi maperete a asilikali a King's African Rifles, anazitenga n'kuzisandutsa zawo: gule wa malipenga ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, ndi zikho zake zoimbira, mganda m'chigawo chapakati, beni kwa Ayao. Iwo sanaope kusakaniza. Ife lero tili ndi malipenga enieni, koma nthawi zambiri timangobwereza nyimbo zogubira zomwe zinalembedwa kutali zaka zoposa zana zapitazo. Nyimbo zimenezo n'zabwino ndipo ziphunziridwe, pakuti zimalimbitsa bandi. Koma wotsogolera amene amatha kutenga nyimbo ya kwawo, n'kuipatsa cornet kuti itsogole, ma trombone n'kumavomera monga amavomerera amayi pa chimtali, ng'oma n'kumayenda m'kagundidwe kathu, ameneyo ali ndi chinthu chomwe sangachigule m'buku lililonse. Anthu amaima pamsewu akamva nyimbo yawo ikutuluka m'malipenga, ndipo ana amailiza ndi mtima wina. Ngati nyimboyo ili ndi mwini wake wodziwika, pemphani chilolezo, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, angakuuzeni ndondomeko yake.

Poyambira penipeni ndi pafupi. Pitani kwa amene akutsogolera bandi ya kumpingo kwanu, muwauze zomwe mwandiuzazi, ndipo muwapemphe zinthu ziwiri. Choyamba, akupatseni ana oyamba kumene kuti muziwaphunzitsa inu, ngakhale atakhala anayi okha. Chachiwiri, pa pulakatisi iliyonse akupatseni mphindi khumi zotsogolera nyimbo imodzi yomwe mwaisanja nokha: soprano kwa a cornet oyamba, alto kwa a cornet achiwiri ndi ma horn, tenor kwa baritone ndi trombone, bass kwa zida zazikulu, euphonium n'kumathandiza komwe kwachepa mphamvu. Mukaimva ikulira, mudzadziwa nokha pomwe mwalemba mokwera kwambiri kwa ana, ndi pomwe pakati pachita mphako. Konzani, mubwere nayonso sabata yotsatira. Pempho lanulo likhale laulemu ndi lapoyera, kuti akuluakuluwo asaganize kuti mukufuna kuwalanda mpando, ndipo pa nthawi yonseyi cornet yanu musaiike pansi, chifukwa ana adzafuna kumva kwa inu mawu omwe mukuwauza kuti atulutse.